Mota ya konveya yapsa kawiri koma ovalodi sinathiripe: tiyambire pati?

Wamagetsi_Kanengo

Akuluakulu nonse, ndikupempha nzeru pa vuto limene latisowetsa mtendere pafakitale yopanga chakudya cha ziweto imene ndimagwirako ntchito ku Kanengo. Tili ndi konveya ya lamba yotalika pafupifupi mamita 40, imene imatenga chimanga m'dzenje lokhuthulira malole n'kukwera nacho mamita 10 kukachithira mu sefa, ndipo ntchito ikamayenda bwino imanyamula matani 60 pa ola. Imayendetsedwa ndi mota ya 11 kW kudzera m'giyabokosi, ndipo pakachitsulo ka pamota palembedwa 400 V delta, 50 Hz, 21.5 A, 1,460 rpm, Class F, IP55. Poyatsa timagwiritsa ntchito star-delta, njira yoyambitsa mota makoyilo ake atalumikizidwa pa star kuti karenti yoyambira ichepe, kenaka n'kusinthira pa delta.

Motayi yapsa kawiri chaka chino, ndipo chimene chikundizunguza mutu ndi chakuti nthawi zonse ziwiri ovalodi, kachipangizo ka m'panelo kozimitsa mota karenti ikachuluka, sinathiripe. Tinangomva fungo la vanishi wopserera, kenaka buleka n'kugwa, mawaya a mkati atawonongeka kale. Panopa mota yolukidwanso ili pamalo pake ndipo ikuyenda, koma ikamakwana 2 koloko masana kachipangizo koyezera kutentha kakumaonetsa 92°C pathupi la mota, pamene m'mawa kamaonetsa pakati pa 65°C ndi 70°C.

Ndayeza ndi kilampu mita pa mawaya atatu olowa m'panelo, lamba atasenza chimanga, ndipo ndapeza 26 A pa L1, 23 A pa L2 ndi 17 A pa L3. Voteji yofika ku mota nthawi yomweyo inali 402 V pakati pa L1 ndi L2, 386 V pakati pa L2 ndi L3, ndi 382 V pakati pa L3 ndi L1. Ovalodi inatcheredwa pa 21.5 A, mofanana ndi zolembedwa pamota.

Pali vuto linanso. Magetsi akazima lamba ali ndi chimanga, tikadzayatsanso buleka imagwa panthawi yeniyeni imene panelo ikuchoka pa star kupita pa delta, moti anyamata amayamba akokolola chimangacho ndi mafosholo. Abwana akuti tigule mota ya 15 kW nkhani ithe. Ine mtima sukundilola, chifukwa sindikuona kuti kukula kwa mota kukugwirizana bwanji ndi manambala amenewa. Kodi ovalodi ikulekereranji mota kupsa, ndipo kutenthaku kukuchokera ku magetsi kapena ku lamba?

Madala_Limbe

Achimwene, yankho la funso lanu loyamba lili kale m'manambala amene mwalembawo. Malinga ndi muyezo wa IEC 60947-4-1, ovalodi yabwinobwino iyenera kupirira karenti ya 1.05 ya mlingo umene mwaitchera, koma iyenera kuthiripa pasanathe maola 2 ikamaona 1.2 ya mlingowo. Tsono 26 A ndi 1.2 ya 21.5 A, ndiye ngati lamba akuyenda masana onse osaima, ovalodi yanuyo sikuiona 26 A imeneyo. Zimitsani magetsi, khomani loko, kiyi akhale m'thumba mwanu, kenaka tsegulani panelo muone pamene yamangidwa. M'mapanelo ambiri a star-delta ovalodi imakhala pansi pa kontakitala yaikulu (switchi yoyendera magetsi yoyatsira mota), pa mawaya opita ku U1, V1 ndi W1 pamota, ndipo pamenepo imangoona karenti ya koyilo imodzi, imene ndi 0.58 ya yodutsa pa laini. Pamalo amenewo iyenera kutcheredwa pa 21.5 kuchulukitsa ndi 0.58, ndiye kuti 12.5 A. Yotcheredwa pa 21.5 A singachite kanthu mpaka laini itafika pafupifupi 37 A, ndipo mota ya 11 kW imakhala itapsa kalekale isanafike pamenepo. Mwina ovalodi yomwe muli nayoyo sitsika mpaka 12.5 A, ndiye mudzafunika kugula ina yaing'ono.

Komabe ovalodi siitenthetsa mota, yangolephera kuiteteza. Chotenthetsa chimodzi chikuonekera pa voteji. Phatikizani 402, 386 ndi 382, mugawe ndi 3, mupeza 390. Yotalikirana kwambiri ndi 390 ndi 402, kusiyana kwa 12 V, ndipo 12 pa 390 ndi 3.1 peresenti. Muyezo wa NEMA MG 1 umanena kuti mafezi (L1, L2 ndi L3) akasiyana voteji kupitirira 1 peresenti mota iyenera kuchepetseredwa katundu, ndipo akapitirira 5 peresenti isayendetsedwe n'komwe. Amisiri timawerengera kutentha koonjezera potenga peresentiyo, kuichulukitsa ndi iyo yomwe, kenaka ndi 2, ndiye kwa inu ndi pafupifupi 19 peresenti pamwamba pa kutentha kwa masiku onse. Karenti imasiyana kwambiri kuposa voteji, kawirikawiri maulendo 6 mpaka 10, ndipo yanu ikutsimikiza zomwezo: pakatikati ndi 22 A, L3 yatsalira ndi 5 A, kumene kuli 23 peresenti. Mafezi atatu ali ngati mafuwa. Limodzi likatitimira, mphika umatsamira pa awiri otsalawo. Koyilo imene ikusenza karenti yochuluka imapsa yokha pamene thupi la mota likuoneka ngati likupirira, ndipo vanishi amataya theka la moyo wake pa 10°C iliyonse yoonjezera.

Taonaninso kuti mavoteji awiri otsikawo onse akukhudza L3. Chotero musasakesake m'mota poyamba. Tsatani L3 kuchokera kubolodi lalikulu logawira magetsi mpaka kukafika ku mota. Lamba akuyenda ndi katundu, mutavala zodzitetezera komanso pali mnzanu pambali, yezani voteji pakati pa polowera ndi potulukira pa buleka, pa kontakitala yaikulu, pa ya delta ndi pa aisoleta (switchi yodulira magetsi opita ku mota), fezi iliyonse payokha. Polumikiza pabwino pamaonetsa mamilivoti chabe. Pamene mupeze mavoti athunthu, pamenepo pali nati yomasuka kapena kontakiti yodyeka, ndipo nthawi zambiri mtundu wa kopa ndi pulasitiki yofewa zimakuuzani musanayeze. Ngati simupeza kanthu, sunthani mawaya atatu olowa m'panelo mozungulira, L1 apite pa L2, L2 pa L3, L3 pa L1, kuti mota isasinthe kolowera. Karenti yotsika ikatsatira waya wochokera kubolodi, vuto lili ku magetsi obwera. Ikakhalabe pa koyilo yomweyo, vuto lili m'panelo kapena m'mota.

Za masana musazidabwe. Mamota ambiri amapangidwa motsatira IEC 60034-1, yomwe imawerengera mpweya wosapitirira 40°C ndi malo osakwera kupitirira mamita 1,000 kuchokera panyanja yamchere. Lilongwe ali kale pamwamba pang'ono pa mamita 1,000, ndipo pansi pa malata mu Okutobala mpweya sukhala kutali ndi 40°C, ndiye mota yanu ilibe mpata wopirira china chilichonse choonjezera. Za 15 kW auzeni abwana adikire kaye. Imeneyo imafuna karenti ya pafupifupi 29 A, mwinanso kebulo ndi makontakitala ena, ndipo L3 yodwalayo idzaidya nayonso, kungoti pang'onopang'ono.

Fitala_wa_Kwale

Bambo a ku Limbe alankhula zoona, koma ndikupempha kuti tisatsekere nkhani yonse m'panelo. Ine ndimasamalira malamba onyamula miyala, ndipo nambala imene yandidzidzimutsa ndi 22 A ya pakatikatiyo, chifukwa ikusonyeza kuti mota ikugwira ntchito ndi mphamvu zake zonse. Mphamvu yokwezera katundu imapezeka pochulukitsa matani a pa ola ndi mamita okwera, n'kugawa ndi 367. Matani 60 ndi mamita 10 akupereka 1.6 kW basi. Ngakhale titaonjezera yoyendetsera lamba, marola ndi yotayika m'giyabokosi, sitiyenera kufika pa 11 kW. Mphamvu yotsalayo ikupita kwinakwake, ndipo pa konveya imapita ku kukhulana.

Imitsani lamba, khomani loko monga anenera a Madala, muyende kuchokera kumchira mpaka kumutu mukuzungulitsa rola iliyonse ndi dzanja, yapamwamba ndi yapansi yomwe. Rola yogwira imadziwika ndi malo ophwatalala, onyezimira ngati apukutidwa, pamene lamba wakhala akukhula, ndipo pansi pake pamakhala tizidutswa takuda ta labala. Onaninso pule (gudumu lozungulirapo lamba) ya kumchira, chifukwa kumeneko fumbi la chimanga likakumana ndi chinyezi limaumbika n'kuuma, pule n'kunenepa mbali imodzi, lamba n'kuyamba kutsetsereka kukakhula chitsulo cha m'mbali. Chinanso chimene ndimachipeza kawirikawiri ndi ichi: labala wokuta pule ya kumutu akatha, lamba amayamba kuterera, ndipo m'malo mokuta pule anthu amangomanga mabawuti okokera lamba mpaka kumapeto. Kuterera kumatha, koma maberingi onse a mapule ndi a giyabokosi amayamba kusenza katundu amene sanapangidwire. Malabala a m'mbali pamalo pothirira chimanga nawonso akatsindikizidwa kwambiri pa lamba amakhala buleki. Oyilo wa m'giyabokosi muone mlingo wake, mtundu wake ndi fungo lake.

Kuti musakangane ndi amagetsi anzanu, tengani karenti katatu: mota italekanitsidwa pa kapulingi (polumikizira shafuti yake ndi giyabokosi), lamba akuyenda wopanda kanthu, ndi lamba atasenza. Kusiyana kwa yoyamba ndi yachiwiri kukhala kwakukulu, vuto ndi la ife mafitala. Ndipo rola yogwira pa fumbi la chimanga si nkhani ya bilu ya magetsi yokha ayi. Fumbi limenelo limayaka, ndipo likadzaza mumpweya m'malo otsekeka ngati dzenje lanulo limaphulika.

Mayi_Oluka_Mamota

Zikomo abambo nonse. Ine ndiyankhulako za mota yeniyeniyo, poti ndiyo imabwera pathebulo langa. Achimwene a ku Kanengo, amene anakulukirani anayenera kukuuzani mmene mawaya anapsera, chifukwa mota yopsa imanena yokha chimene chaipha. Makoyilo onse atatu akada mofanana, ndiye kuti inalemedwa kapena inasowa mpweya. Pa mota ya delta, gulu limodzi likapsa kwambiri ena awiri ali oyera, fezi imodzi inatayika, pamene kusiyana kwa mafezi kumasiya gulu limodzi lodera kuposa anzake. Kabowo kamodzi kakuda, kopa atasungunuka, kwina konse kuli bwino, ndiye kuti mawaya anagundana m'koyilo. Kafunseni, ndipo ulendo wina muzijambula ndi foni asanadule mawaya.

Mota yolukidwa kawiri iyeneranso kukayikiridwa. Mawaya akale akachotsedwa potentha ndi moto wosayezedwa, zokutira timapepala tachitsulo ta mkati zimawonongeka, ndipo mota yotero imatentha ngakhale ilibe katundu. Waya wocheperako kapena mizungulo yosakwanira zimachitanso chimodzimodzi. Mukailekanitsa pa kapulingi monga anenera a Fitala, mota ya mapolo 4 ya kukula kumeneku imatenga pafupifupi gawo limodzi mwa atatu kapena kuposerapo pang'ono la karenti yolembedwa, ndiye yembekezerani 7 A mpaka 9 A, ndipo itayenda ola lathunthu ikhale yofunda chabe. Yezaninso ndi Megger, mita yoyezera zokutira mawaya, pa 500 V, mawaya 6 onse mutawamasula. Muyezo wa IEEE 43 umaika 5 MΩ pa 40°C ngati malire otsika a mamota olukidwa ndi waya wozungulira, koma yolukidwa chatsopano iyenera kuonetsa mazanamazana. Ngati m'motamo muli mathemista (tizipangizo tomva kutentha), musawakhudze ndi Megger.

Za 92°C ija, kumbukirani kuti 155°C ya Class F ndi ya mkati mwa koyilo, osati ya pathupi, ndipo mkati mumatentha kwambiri kuposa kunja. Njira yodalirika ndi kuyeza ma ohm a koyilo imodzi mota itazizira, n'kuyezanso mutangoizimitsa. Phatikizani 235 ndi kutentha kwa mpweya panthawi yoyeza koyamba, chulukitsani ndi ma ohm a itatentha, gawani ndi a itazizira, kenaka chotsani 235. Mwachitsanzo, 1.00 pa 25°C ikakwera kufika 1.40, koyilo ili pa 129°C. Pamafunika mita yotha kuwerenga ma ohm ang'onoang'ono, chifukwa mita wamba imasocheretsedwa ndi mawaya ake omwe.

Musaiwale zooneka ndi maso. Mamota ochokera m'zigayo ndi m'mafakitale a chakudya cha ziweto amafika kwa ine nthiti zake zitamatika ndi fumbi losakanikirana ndi girizi, sefa ya kumbuyo kwa fani itatsekeka, nthawi zina fani yapulasitiki itathyoka mapiko kapena ikungozungulira payokha pashafuti. Girizi wochuluka m'maberingi amatenthetsanso, sathandiza. Mukadzalukitsanso mota iliyonse, pemphani kuti aike mathemista a PTC m'makoyilo, chifukwa amenewo amamva kutentha kwenikweni, pamene ovalodi imangoyerekeza kuchokera ku karenti.

Wamagetsi_Kanengo

Ndathokoza kwambiri bambo a ku Limbe, a Fitala ndi amayi. Tinaimitsa lamba Loweruka, ndipo zimene tapeza ndi izi. Ovalodi ilidi pansi pa kontakitala yaikulu, ndipo imayambira pa 17 A, choncho taikapo ina n'kuitchera pa 12.5 A. Pa aisoleta ya pafupi ndi mota tinapeza 7 V ikutayika pa L3, pamene mafezi ena anali pansi pa 0.1 V. Titatsegula, waya wa L3 anali atada, pulasitiki itauma n'kumanyenyeka m'manja, ndipo tasintha aisoleta yonse n'kudula kebulo mpaka pamene kopa anali woyera. Amene analuka mota ati gulu limodzi linali lakuda kwambiri kuposa ena nthawi zonse ziwiri.

Ku lamba tinapeza marola 11 ogwira, ambiri mwa iwo apansi, ndi chibuma cha fumbi louma pa pule ya kumchira. Mota payokha inatenga 8 A, lamba wopanda kanthu anatenga 14 A tisanakonze ndi 10 A titakonza. Tsopano atasenza ndi 18 A, 16 A ndi 14 A, thupi la mota silikupitirira 74°C masana, Megger ikuonetsa kupitirira 300 MΩ, ndipo mwa njira ya amayi ija koyilo inachoka pa 0.92 pa 26°C kufika 1.19, kumene kuli pafupifupi 103°C.

Zatsala ziwiri. Voteji ku mota masana ikadali 401, 392 ndi 390, ndipo ndaona kuti kusiyanaku kukuyambira kubolodi lalikulu, kumene makina osokera matumba, zoziziritsira m'maofesi, giza ndi masoketi owotcherera zonse zili pa L3. Komanso buleka inagwanso titayesa kuyatsa lamba ali ndi chimanga. Kodi kutalikitsa taimala ya star kungathandize?

Madala_Limbe

Sikuthandiza, achimwene, ndipo kungabweze kutentha kumene mwangochotsaku. Pa star koyilo iliyonse imalandira 230 V m'malo mwa 400 V, ndipo mphamvu yopotolera shafuti imatsika kufika gawo limodzi mwa atatu. Star-delta imayenera makina oyamba opepuka, monga fani kapena pampu. Lamba wokwera ali ndi chimanga amafuna mphamvu yaikulu panthawi yonyamuka yomweyo, ndiye pa star mota yanu imangong'ung'udza kapena kukwawa, fani yake isakupereka mpweya, ndipo delta ikalowa imapeza shafuti ili pafupifupi chiimire n'kukoka karenti yoposa yolembedwa maulendo 6 kapena 7, kuonjezerapo kugunda kwa pakusinthako. Mukatalikitsa taimala mungotalikitsa nthawi yokwawayo.

Mota ya 11 kW imatha kuyatsidwa mwachindunji pa delta ngati kebulo, buleka ndi jenereta yanu zingapirire, buleka ikhale yamtundu wopangidwira mamota, ndipo mukatero ovalodi ibwerere pa laini ndi pa 21.5 A. Kuipa kwake ndi kukoka lamba modzidzimutsa, kumene kumafooketsa polumikizira pake. Ndalama imene abwana anakonzera mota ya 15 kW ndikanakonda ipite ku VFD (makina olamulira liwiro la mota), imene imanyamula lamba wolemera pang'onopang'ono ndi mphamvu yokwanira popanda karenti yaikulu. Mukaika VFD, iikeni m'bokosi losalowa fumbi koma lopita mpweya, musayendetse lamba pa liwiro lotsika kwa nthawi yaitali pokhapokha mota itakhala ndi fani yakeyake yoyendera magetsi, ndipo muziimasula kaye musanayeze kebulo kapena mota ndi Megger. A Fitala akuonereninso chotchingira kuti lamba asabwerere m'mbuyo, chifukwa chikafa mota imayamba ndi kulimbana ndi chimanga chotsetsereka. Pozimitsa mwadala, tsekani kaye chitseko cha dzenje, lamba akhuthule zonse, kenaka muzimitse.

Voteji ya 401, 392 ndi 390 ikupereka 1.7 peresenti, yomwe ikadali pamwamba pa 1. Yezani karenti ya buleka iliyonse ya fezi imodzi kubolodi lalikulu nthawi ya masana, mulembe, kenaka mugawe katunduyo kuti L1, L2 ndi L3 zisenze mofanana, osaiwala kumanga nyutulo bwinobwino. Mukatha muyezenso jenereta ikuyenda, muone ngati ikusunga 50 Hz lamba akanyamuka, chifukwa imamva kusiyana kwa mafezi msanga kuposa thiransifoma. Pomaliza ikani m'panelo rilei yoyang'anira mafezi, muilumikize ku koyilo ya kontakitala yaikulu, muitchere kuti izimitse mota fezi ikatayika, mafezi akasinthana, kapena kusiyana kwa voteji kukapitirira mlingo umene mwasankha pansi pa 5 peresenti, ndipo muipatse masekondi angapo odikira kuti isamathiripe nthawi iliyonse wina akayatsa makina owotcherera.